Fayilo Yolemera ya Amalume

Chaka chimene ndinali Fomu 2, achemwali anga anapeza mwamuna, ine n'kupeza ntchito imene sindinaifunsire.

Pakhomo pathu panali laputopu. Musaganize kuti tinali olemera. Inali yakale, yong'aluka pakona, ndipo batani lina linali litagweruka moti ndinkachita kutosa ndi kamtengo ka machesi. Azakhali anga, amene ankachapa zovala pasukulu yogonera ya ku Mtunthama, anapatsidwa ndi mphunzitsi wina amene ankasamuka. Munalibe nyimbo, munalibe mafilimu. Munali kapulogalamu kolembera mawu basi: tsamba loyera ndi kamzere kakuda koimirira, kamene kamaphethira podikira kuti ulembe. Achimwene anga anaiyatsa tsiku limodzi n'kuisiya. Ine ndinaikonda pa chifukwa chomwecho.

Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi. Zimene pakamwa pankalephera kunena ndinkazilemba, tsiku lililonse fayilo yakeyake, ndipo zonse ndinkazisunga mu foda imene ndinaitcha Masamu. Palibe munthu wa pakhomo pathu amene anatsegulapo foda imeneyo.

Mwamuna wa achemwali anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Amayi anamukonda. Vuto linali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba komanso nkhoswe yathu. Sanali munthu woipa. Anali munthu woti akayamba kulankhula sadziwa pokhotera, ndipo ankanyadira kuti makolo athu anagona m'dothi lomweli kuyambira kale. Ukwati anavomera, koma movutikira ngati mbuzi yopita kumsika.

Akuchimuna anazimva zimenezo. Pa ulendo wawo woyamba, nkhoswe yawo, bambo wachikulire wamfupi wa ndevu zoyera, ananena modekha ali chogwada: "Ife tatchedwa obwera mokwanira kumene tikukhalako. Ngati mwana wathu adzatchedwenso wobwera m'mudzi muno mpaka imvi, tiuzeni lero, tibwerere ndi tambala wathu."

Kuyambira tsiku limenelo amayi ankaopa chinthu chimodzi chokha, pakamwa pa mlongo wawo pa tsiku la chinkhoswe. Achemwali anaonda. Choncho amalume atalengeza kuti mawu awo adzawerenga papepala lotayipa, monga anaonera pa chinkhoswe china ku Kapelula, amayi anawomba m'manja. Anadziwa kuti mawu olembedwa munthu ukhoza kuwaona asanatuluke.

"Wotayipa muli naye kale," anatero akundiloza.

Tinkagwira ntchitoyi masana ndikaweruka, m'chigafa cha amalume. Fodya anali atapita kale ku okushoni, munangotsala fungo lake ndi nkhuku. Ine ndinkakhala pansi laputopu ili pamiyendo, iwo akuyendayenda manja ali kumbuyo.

"Lemba. Tsiku limene mwana uyu anabadwa, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Iwe, chotsa nkhuku iyo pano, ikundisokoneza! Ndinanyamula azamba panjinga yanga."

Ndinalemba zonse, ndi nkhuku yomwe. Sindinkadziwa pamene mawu a pachinkhoswe athera ndi pamene ayambira a m'chigafa, ndipo kufunsa kunkandilemera. Iwo akati msana ukuwawa, ndinkalemba. Akakuwira amayi kufunsa ngati thobwa latsala, ndinkalemba.

Tsiku lina anawerama n'kuyang'anitsitsa pa sikirini.

"Kakuphethira chiyani kameneko?"

"Kakudikira kuti mupitirize, amalume."

"Kali ndi ulemu kuposa ana a masiku ano."

Ndinawaonetsa kuti kamzereko ukhoza kukaika paliponse, ngakhale kumapeto kwa chiganizo cha dzulo, n'kuwonjezerapo mawu. Ndinawaonetsanso mabatani obwezera zimene wafufuta mwangozi. Anandiuza kuti ndifufute dzina la mudzi wathu ndi kulibweza, ndifufutenso ndi kulibwezanso, mpaka batire inatha. Anapukusa mutu.

"Ndiye kuti m'menemo chiganizo sichitha?"

"Chimatha eni ake akafuna."

Kenaka inafika nthawi yodula. Amayi anabwera m'chigafa, anakhala pa thumba, n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza. Mokweza mwanga munali mwa udzudzu, koma anamva. Nditafika pamene amalume ankanena za matenanti, amayi anaika manja pamutu.

"Achimwene, mukufuna mwana wanga akalambire pakhomo pano?"

"Ndanama pati?"

"Fufuta, mwana iwe. Zonsezo."

Amalume nawo anali ndi zawo zodula. Nkhani ya azamba anati ichoke. Nkhani ya tsiku limene mphepo inagwetsa chigafa chawo, mnyamata uja n'kubwera osaitanidwa kudzapulumutsa fodya mpaka manja ake kuda bii ndi phula, anati nayonso ichoke.

"Zimenezo n'zofewa. Anthu aziti nkhoswe yalira."

Apa ndi pamene ndinavutika. Ndinaleredwa kuti mawu a munthu wamkulu sudula, ngakhale akunena zoti mwamva kale kambirimbiri. Tsono kuwafufutiratu, ndi chala changa, eni ake ali pomwepo? Komanso kwathu sititaya kanthu ka fodya. Tikamasankha, tsamba labwino limapita kwake, lapakati kwake, ndipo zinyenyeswa zogwera pansi timazisesa n'kuzisunga m'thumba, nazonso zimapeza belo lake. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Ndinaganiza kuti awa ndiwagoneke penapake.

Ndinatsegula fayilo yachiwiri. Chilichonse chimene ankati fufuta, ndinkachidula mwakachetechete n'kukachimata kumeneko. Ndipo poti ndinali mwana wadongosolo, ndinazisankha m'magiredi ngati fodya. Pamwamba ndinaika zokoma, za azamba ndi za chigafa. Pakati ndinaika za nkhuku, za msana ndi za thobwa. Pansi penipeni ndinaika za matenanti.

Dzina la fayiloyi linandisowetsa mtendere. Kulemba kuti Zinyenyeswa za Amalume sindikanatha, kukanakhala kutukwana. Yoyamba ndinali nditaitcha Mawu a Amalume. Yachiwiri ndinaitcha Mawu Enanso a Amalume.

Fayilo yoyamba inatsala yowonda. Munali moni, kuthokoza, malangizo ochepa oti banja ndi kupirira, basi. Amalume anaiyang'ana mokhumudwa.

"Masiku onse aja, n'kutsala kameneka?"

"Kakwana," anatero amayi.

Tsiku loti mawa chinkhoswe, ine anandigwira ku ntchito za akazi, kutunga madzi ndi kusefa thobwa. Amalume anati akapulinta okha ku Mtunthama. Aphunzitsi athu a kompyuta ankatiuza kuti posamutsa ntchito tizikopera foda yonse kuti china chisatsale, ndipo ndinakopera pa fulashi foda imene munali mafayilo awiri a amalume aja. Powapatsa ndinagwada n'kunena kuti, "Ndi yoyambayo, amalume." Ndinanenadi. Koma ndinauza dothi, ndipo iwo anali atakwera kale njinga.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake kwa mayi wa shopu yopulintira, amene mpaka lero akandiona amayamba ndi kuseka. Akuti atalowetsa fulashi anawauza kuti muli mafayilo awiri.

"Onse ndi anga?"

"Onse alembedwa kuti a amalume. Ndinu amalume?"

"Ndine. Yolemera ndi iti?"

Mayiyo akuti anadabwa, koma anayang'ana pa sikirini pamene pamaonetsa kukula kwa fayilo, n'kuwauza kuti yachiwiriyo yaposa inzake kutalitali.

"Ndiye mukufunsiranji? Munaona mlimi akusiya belo lolemera n'kukweza lopepuka?"

Anabwerako akuimba mluzu, mapepala atawapinda m'thumba la jekete. Ndinaona kuti thumbalo latukuka kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Amalume, mapepalawo mwina ndi..."

"Ali bwinobwino. Mawu anga ndiwawerengerenji kawiri? Katunge madzi."

Ndinakatunga madzi.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la amayi, pansi pa mitengo ya mango. Akuchimuna anabwera pa thirakitala ya ku esiteti atavala bwino kuposa ife. Zoyambirira zinayenda mwa nthawi zonse. Anatulutsa atsikana ofundidwa zitenje kuti mnyamata asankhe wake, iye n'kumakana mmodzimmodzi anthu akuseka, mpaka anapeza achemwali. Ine ndinakana kufundidwa nawo. Ndinakhala kumbuyo kwa amayi, pafupi ndi ndowa ya thobwa.

Isanafike nthawi yosinthana nkhuku, anaitana nkhoswe ya kuchikazi. Amalume anaimirira, anavala magalasi, anatambasula mapepala. Moyang'anizana nawo panakhala nkhoswe ya kuchimuna ija, tambala wofiira ali m'khwapa.

Amalume powerenga ankatsata ndi chala, liwu limodzilimodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, osaona mwala wakutsogolo asanapondepo.

"Tsiku limene mwana uyu anabadwa, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka."

Panalibe moni. Inali fayilo yachiwiri ija. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana ndowa.

Amalume nawo anaima pang'ono, anakwinya nkhope, koma anthu anali atatchera kale makutu. Anapitiriza. Ananena mmene ananyamulira azamba panjinga, mmene anagwera nawo m'dambo, mmene azambawo anawatukwanira njira yonse yotsala, ndi mmene kamwanako kanagwirira chala chawo n'kukana kuchisiya. Achemwali anabisa nkhope m'chitenje. Atafika pa nkhani ya chigafa ndi manja akuda ndi phula, mawu awo ananjenjemera. Mayi ake a mnyamata anaimba nthungululu, akazi a kwathu n'kulandira. Nkhoswe yathu inalira ndithu, ndipo palibe anaiseka.

"Mwina Mulungu watithandiza," ananong'ona amayi.

"Lilipo tsamba lachitatu," ndinatero.

"Muli chiyani?"

"Zija."

Amayi anatseka maso.

Amalume anatembenuza tsamba, anapukuta magalasi, n'kuwerenga ndi mawu omwe aja olemekezeka:

"Iwe, chotsa nkhuku iyo pano, ikundisokoneza."

Nkhoswe ya kuchimuna inayang'ana tambala wake, inayang'ana amalume, kenaka mwaulemu wonse inamulowetsa m'jekete, mutu wokha kutsala panja. Bwalo lonse linaphulika. Amalume anadzidzimuka, koma anali asanasekeretsepo anthu ochuluka chonchi m'moyo wawo, ndipo kunawakomera.

"Msana wangawu sukundifunira zabwino."

"Pepani, bambo!" anakuwa wina wa kuchimuna. "Ndi ukalamba!"

"Kodi walemba zimenezo? Usalembe zimenezo," anawerenga amalume.

Anthu anagwa pamikeka. Mayi wina wachikulire ankapempha kuti amumenye pamsana.

"Mlongo, thobwa lija latsala?"

"Latsala!" anayankha amayi mokuwa. Anatunga kapu, anandipatsa m'manja, n'kundikankha. "Pita. Ukalande pepalalo. Ngakhale kulidya, ulidye."

Kuchokera pa ndowa kufika pamene anaima amalume sipanali patali, koma mwana wamkazi sadutsa pakati pa akuluakulu ali chiimire. Ndinayenda chogwada, kapu ili m'manja awiri, maso onse ali pa ine, chinthu chimene ndinkachiopa kuposa njoka. Ndinadutsa miyendo ya akuluakulu a mpingo, ndinazungulira khasu ndi nkhwangwa zimene akuchimuna anabweretsa. Thobwa linkatayikira pa diresi langa. Ndili pakati, ndinamva pepala likutembenuzidwa.

"Anthu amenewa ndi obwera," anawerenga amalume, akumwetulirabe, kudikira kuti anthu aseke. "Alibe munda kuno. Alibe manda kuno. Chaka chamawa lole ikhoza kuwanyamula."

Chala chawo chinaima. Kumwetulira kunachoka. Pabwalo panangoti zii, moti ndinamva mbuzi ikutafuna kuseri kwa nkhokwe.

Nkhoswe ya kuchimuna inatulutsa tambala m'jekete, inamubwezera m'khwapa, n'kuimirira pang'onopang'ono. Anthu ake anayamba kukonza zitenje. Mnyamata uja anaweramitsa mutu. Achemwali sanalire, anangoyang'ana amalume, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kulira.

Ndinafika pamapazi awo. Kulanda pepala kunalibenso ntchito. Ndinakweza kapu, iwo anawerama kuti alandire, thukuta lili chuchuchu.

"Ndafa, mwana iwe," ananong'ona.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndikukumbukira kuti ndinawayang'ana kumaso, koyamba chibadwire.

"Chiganizocho sichinathe, amalume. Kamzere kaja kakuphethirabe."

Anandiyang'ana. Anamwa thobwa lonse osapuma. Anandibwezera kapu, anakweza pepala pafupi ndi magalasi ngati akufunafuna pamene anasiyira, n'kuika chala pansi penipeni pamene panalibe chilembo chilichonse.

"Khalani pansi, asewere, sindinamalize. Mwaona kuti munthu akumwa." Anatsokomola. "Alibe munda kuno... ndiye chifukwa chake ine, mwini mbumba, ndikupereka kwa mkamwini wathuyu munda wanga wa kudambo."

Akazi awo a amalume anafuula kamodzi ngati aponda minga. Munda wa kudambo unali mtima wa amalume. Nazale yawo ya fodya inkakhala kumeneko, ndipo ana awo enieni anaupempha kangapo n'kukanizidwa.

"Wonse?" inafunsa nkhoswe ya kuchimuna, idakali chiimire.

Amalume anayang'ana papepala nthawi yaitali, ngati akuyembekeza kuti pepalalo liwachitira chifundo.

"Palembedwa kuti wonse."

"Nanga lole ija?"

"Lole ikabwera, idzabwera kudzanyamula mabelo ake. Iye ndi wa pano."

"Munatchulanso manda."

"Malo alipo ambiri. Koma musafulumire."

Mkulu uja anayang'ana tambala wake. Kenaka ndevu zake zinayamba kugwedezeka, anaseka mpaka tambala analira, ndipo bwalo lonse linamutsatira. Anayenda n'kukaika tambalayo m'manja mwa amalume. Amayi anathamanga ndi thadzi lathu asanaitanidwe n'komwe, kuopa kuti mlongo wawo angapezenso tsamba lachinayi. Ine ndinabwerera ku ndowa chogwada, ndipo ulendo uno palibe anandiona.

Akuchimuna pokwera thirakitala ankauzana kuti sanaonepo nkhoswe yodziwa kukoka nkhani chonchi, kuliza anthu, kuwaseketsa, kuwaopseza, kenaka n'kuwapatsa munda. Ndinamva mkulu wa ndevu zoyera uja akuuza amayi chapansipansi kuti, "Mwana wanu wa thobwayo mumusamale." Ndikuganiza kuti iye yekha anaona kuti chala cha amalume chinali poyera.

M'mawa mwake amalume anandiitanitsa ku chigafa ndi laputopu. Ndinawapeza atakhala pa thumba, akuyang'ana cha kudambo. Sanandikalipire. Anandifunsa kuti mawu amene anati afufutidwe anapezeka bwanji papepala, ndipo ndinawafotokozera za fayilo yachiwiri, ndi za magiredi.

"Ndiye unasankha mawu anga ngati fodya?"

"Eya, amalume."

"Za matenanti zija zinali giredi yanji?"

Ndinayang'ana zala zanga zakuphazi. Iwo anapumira m'mwamba.

"Mabatani aja obwezera zinthu mmene zinalili. Angagwire pa munda?"

"Amagwira m'kompyuta mokha."

"Ndimadziwa. Ndimangofunsa."

Anandiuza kuti nditsegule fayilo yolemera ija. Ndinatsika mpaka pansi, ndinadetsa mizere yonse ya giredi yomaliza, n'kudikira.

"Fufuta. Osati kukabisa kwina. Ndikuyang'ana."

Ndinadina. Mizere inachoka, ndipo kumwamba sikunagwe. Za nkhuku ndi za msana anati nazonso zipite. Nditakwera pamwamba, pa azamba ndi chigafa, ndinaikanso chala pa batani.

"Zimenezo zisiye," anatero msanga. Anakanda kumutu. "Mwana wa achemwali ako akadzabadwa adzafuna kudziwa kuti amayi ake anabwera bwanji."

Ndinaseva. Anandiuza kuti dzina lija la Mawu Enanso silikuwasangalatsa, ndipo tinakhala nthawi tikufunafuna lina, iwo akutchula, ine ndikulemba, iwo n'kukana. Tisanagwirizane, tinamva khasu likulira kudambo. Alamu anga anali atayamba kale kusosa.

Amalume anaimirira, anatenga chipewa chawo.

"Akuyambira kolakwika. Kumeneko madzi amadikha." Anafika pakhomo la chigafa n'kutembenuka. "Zimenezi usalembe."

Ndinadikira kuti apite kaye, kenaka ndinatsegula foda ya Masamu.